Mzinda wa mvula ziwiri: mmene chaka chimayendera ku Livingstone

Ndi 2 koloko masana, mwezi wa Okutobala. Ku Nottie Broadie, limodzi mwa madera okhala anthu mumzinda wa Livingstone, msewu uli zii.

Galu wafukula kadzenje m'mbali mwa mpanda n'kugonamo, lilime lili panja. Nkhuku zayasama kukamwa, mapiko zagwetsa. Malata akuthetheka padenga ngati pali mwana akuponyapo timiyala. Zikumveka ndi nyenje zokha, zikulira osapumira m'mitengo ya mango.

Mchenga wa m'mphepete mwa msewu ukuwotcha mpaka m'kati mwa nsapato.

Patsinde pa mtengo wina pakhala amayi achikulire pamphasa, pambali pawo pali chigubu cha madzi chokutidwa ndi chiguduli chonyowa. Andiona ndikupukuta thukuta.

"Fikani pamthunzi, atate. Dzuwa ili sayenda nalo," akutero m'Chinyanja cha m'tauni, chimene kuno chimamveka pamodzi ndi Chitonga ndi Chilozi.

Anditungira madzi m'kapu. Ndakhala pansi, tonse maso ali kumwamba. Cha kumpoto mitambo yayamba kuunjikana, yoyera pamwamba, yodera kunsi. Ikukula, ikuda. Mphepo yotentha yawomba kamodzi, kamvuluvulu wanyamula masamba ouma n'kuwoloka nawo msewu. Pofika 5 koloko mitambo ija yabalalika.

Lero siigwa. Kapena mawa.

Makilomita pafupifupi 10 kuchokera pamphasa imeneyi pali Mosi-oa-Tunya, mathithi amene dziko lonse limawadziwa kuti Victoria Falls. Alendo amawoloka nyanja zamchere kudzaona madzi. Eni mudzi ali pansi pa mtengo kudikira madzi.

Onsewo akufuna mvula, koma si mvula imodzi.

Ya padenga ndi ya mumtsinje

Livingstone ali ndi mvula ziwiri. Ina imagwa padenga, ina imabwera ndi mtsinje.

Ya padenga njochepa. Pa chaka mzindawu umalandira mamilimita pafupifupi 700, ndipo pafupifupi yonseyo imagwa kuyambira Novembala kulekeza Malichi. Akatswiri a zaulimi anagawa dziko la Zambia m'zigawo zitatu potengera mvula. Livingstone ali m'chigawo choyamba, chouma kuposa zinzake, kumene mvula siifika mamilimita 800.

Munthu wa ku Chipata, wozolowera mamilimita cha m'ma 1,000, amadabwa akaona tchire la tsanya ndi milambe. Wa ku Nsanje kapena Chikwawa sadabwa. Thukuta lake ndi lomweli.

Nthaka nayo siisunga. Mbali yaikulu ya mzindawu ili pamchenga wa Kalahari, wakuya ndi waludzu. Mvula ikagwa m'mawa, pofika masana pamwamba pauma.

Ya mumtsinje njambiri, koma si yakuno.

Mtsinje wa Zambezi umayambira pakasupe kakang'ono m'boma la Ikelenge, kufupi ndi Mwinilunga, kumpoto chakumadzulo kwa Zambia. Kumeneko mvula imafika mamilimita pafupifupi 1,400, kuwirikiza kawiri ya ku Livingstone. Mtsinjewu umalowa m'Angola, n'kubwereranso m'Zambia, n'kutambalala m'chidambo chachikulu cha Barotse, mmene madzi amachedwa milungu yambiri. Akamafika pamathithi amakhala atayenda makilomita oposa 1,000.

N'chifukwa chake makalendala awiriwa sayenderana. Mathithi amasefukira cha mu Epulo, mvula ya kuno itakata kale. Amaphwa kwambiri cha mu Novembala, mabingu oyamba akugunda pamwamba pa mzinda.

Wofuna kudziwa chaka cha ku Livingstone awerenge makalendala onse awiri.

Dzinja lalifupi

Chizimalupsa chimagwa kumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala. Chimabwera mwaukali: mphepo patsogolo, fumbi pambuyo, kenako mphezi ndi madontho akuluakulu ogunda pamalata. Fungo la nthaka yonyowa limalowa m'nyumba iliyonse. Ana amatuluka kukavina pabwalo. Usiku inswa zimazungulira nyale, achule n'kuyamba nyimbo m'zithaphwi.

Chinyontho chimene chimabweretsa mvulayi chimachokera makamaka kumpoto, ku nkhalango za ku Congo. Chimatsika pang'onopang'ono kutsata dzuwa. Livingstone ali kumapeto kwenikweni kwa Zambia cha kumwera, ndiye amakhala womaliza kulandira, woyamba kutsanzikidwa.

Kuno mvula ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame.

Disembala, Januwale ndi Febuluwale ndiyo miyezi ya mvula yeniyeni. Mvumbi wa masiku ambiri, ngati uja wa kumapiri a Mulanje kapena Dedza, sukhalitsa kuno. Kawirikawiri kumacha bwino, kutentha, masana mitambo n'kumangana, madzulo n'kukhuthuka kwa ola limodzi kapena awiri. Nthawi zina imagwa ku Maramba, ku Nottie Broadie osadontha n'komwe.

Choopsa chili pakati pa dzinja. Zaka zina mpweya wouma umakhazikika mumlengalenga pamwamba pa Botswana n'kutsekereza chinyontho cha kumpoto chija. Kumwamba kumayera mbee. Mlungu umodzi, iwiri, itatu. Imeneyo ndiyo ng'amba, ndipo ikapeza chimanga chikutulutsa ngayaye, mlimi amadziwiratu kuti nkhokwe ikhala yopepuka.

Ikagwa yambiri, palinso zake. Walira mvula walira matope. Misewu yamchenga imang'ambika ngalande, kamtsinje ka Maramba kamadzaza, zithaphwi zimaswa udzudzu, ndipo malungo amayamba kugogoda m'makomo.

Wofuna kudziwa pamene dzinja lafika sasowa kalendala ya pakhoma. Apite kumsika wa Maramba. Mango akachuluka mpaka kuwolera pansi, ndiye kuti ndi Disembala. Pambuyo pake bowa, nkhwani, therere limene kuno amati delele, kenako chimanga chachiwisi ndi maungu. Nsomba zaziwisi za mumtsinje zimasowa, pakuti kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale boma limaletsa usodzi kuti nsomba ziswane.

Utsi ukakwera

Mvula ya padenga ikamatsanzika mu Malichi, ya mumtsinje imakhala ikungofika.

Uthenga umayambira kumtunda. Bungwe la Zambezi River Authority, la mayiko a Zambia ndi Zimbabwe, limayeza madzi ku Chavuma, pamene mtsinje umatulukira m'Angola. Madzi akakwera kumeneko, a ku Livingstone amadziwa kuti patsala milungu. Chidambo cha Barotse chikadzaza, Litunga, mfumu ya Alozi, amakwera bwato la Nalikwanda kuchoka ku Lealui kupita kumtunda ku Limulunga, pamwambo wa Kuomboka. Madzi omwe anyamula bwatolo ndi amene adzagwere m'phompho la Mosi-oa-Tunya.

Akafika, sabisika.

Mathithiwa ndi otambalala mamita 1,708, ndipo pakuya kwambiri madzi amagwa mamita 108. Mu Epulo madzi odutsapo amakhala ochuluka pafupifupi kakhumi kuyerekeza ndi a mu Novembala. Nthunzi imakwera mamita oposa 400. Woyenda m'mawa pamsewu wa Mosi-oa-Tunya kulowera kumwera amaona chimtambo choyera chitaima pamalo amodzi, ngati tchire likupsa koma lopanda moto. Dzina lakelo, utsi wogunda, linachokera pamenepo. Atonga amati Shungu Namutitima.

Pamlatho wopapatiza wa Knife-Edge mvula imagwa kumwamba kuli mbee. Imachokera pansi, m'mbali, paliponse. Anyamata obwereketsa majasi a mvula amapha makwacha. Usiku wa mwezi wathunthu utawaleza umaoneka mumdima.

Pamphepete pa phompho pali kankhalango kobiriwira chaka chonse, ka mikuyu, migwalangwa ndi zilambe zolendewera. Kamamwa nthunzi ya mathithi. Ukayenda pang'ono kuchoka pamenepo, wabwerera m'tchire la minga.

Kankhalangoko ndiye chithunzi cha mzinda wonse: kobiriwira pamene mtsinje ukufika, kouma pamene sufika.

Aleya a kwa Mfumu Mukuni, amene akhala pafupi ndi mathithiwa kuyambira kale David Livingstone asanawaone pa 16 Novembala 1855, sankawatenga ngati malo ongoonerera. Kumeneko n'kumene ankalankhula ndi makolo. Pamiyambo yawo ya Lwiindi amapempha mvula ndi kuthokoza, ndipo mayi waudindo wa Bedyango, wolamulira pamodzi ndi mfumu, ndiye mwini nkhani za nthaka ndi mvula. Mchewa wodziwa za Makewana wa ku Msinja, kapena Mmang'anja wodziwa za Mbona wa ku Khulubvi, amva msanga. Anthu okhala pafupi ndi madzi ochuluka chotere ankapemphabe mvula, chifukwa mtsinje suthirira munda wa kumtunda.

Chisanu cha pamchenga

Mlendo wobwera mu Juni kapena Julayi atanyamula malaya opyapyala okha amanong'oneza bondo.

Masana kumakhala bwino, dzuwa lofunda, kumwamba kopanda kamtambo. Koma likangolowa, mchenga umataya kutentha konse. Pofika mbandakucha kumazizira mpaka madigiri 6 kapena 7, ndipo masiku ena m'malo otsika chisanu chimawaula masamba a tomato ndi mbatata m'madimba.

Si kuzizira kwa chiperoni, kwa nkhungu ndi mawawa, kumene a ku Thyolo ndi Blantyre amakudziwa. Kuno n'kouma. Milomo imang'aluka, zidendene zimasweka, ana amapita kusukulu miyendo itayera mbuu, manja ali m'khwapa. Alonda amachezera pambaula. Amayi ogulitsa zitumbuwa ndi tiyi m'mawa amafunda zitenje ziwiri.

Kumsika kwasinthanso. Pano ndi nthawi ya mbatata, mtedza, malambe ndi masawu.

Imeneyi ndi miyezi imene alendo amayamba kuchuluka. Udzudzu wachepa, misewu yauma, mathithi akadali ndi madzi koma nthunzi yatsika moti phompho likuoneka. Mahotela, nyumba zogona alendo, oyendetsa mataxi ndi osema ziboliboli onse amayang'ana miyezi imeneyi monga mmene mlimi amayang'anira masika.

Fumbi, moto ndi njovu

Ogasiti amabwera ndi mphepo. Fumbi limalowa m'makabati, m'mbale, m'maso. Tchire limapsa, utsi umaphimba kumwamba, ndipo dzuwa limalowa lofiira ngati khala la moto pamwamba pa Zambezi.

Sepitembala amawonjezera nkhuni. Okutobala ndiye chimake: masana madigiri 34 kapena 35 ndi chizolowezi, ndipo masiku ena kumayandikira 40. Usiku m'nyumba za malata simugoneka. Anthu amayala mphasa pakhonde.

Mtsinje nawo umakhala ukutsika. Mbali ya kum'mawa ya mathithi, imene ili ku Zambia, imasanduka khoma la mwala wakuda lokhala ndi timizere ta madzi apa ndi apo. Zimenezi zimachitika chaka chilichonse, ndipo zimakula chifukwa madzi ena amapatutsidwa kukayendetsa makina a magetsi a ZESCO a pamathithipo, opanga mamegawati 108.

Madzi ochepa ali ndi malonda ake. Ndi nthawi imeneyi pamene alendo amasambira padziwe la Devil's Pool, pamlomo penipeni pa phompho, ndipo opalasa mabwato a mphira m'chigwa cha Batoka amapeza ntchito yambiri. Anyamata onyamula mabwatowo kukwera nawo chigwa dzuwa lili paliwombo ndiwo amadziwa kulemera kwa Okutobala.

Koma mtsinje ukatsika umatsegulanso njira ina.

Njovu zimawoloka kuchokera ku Zimbabwe kudzera pazilumba. Malo otetezedwa a Mosi-oa-Tunya ndi aang'ono, masikweya kilomita 66 okha, ndipo ali pakhomo penipeni pa mzinda. Tchire likauma, njovu zimatsata fungo la mango, madimba ndi madzi mpaka m'makomboni a kumalire monga Nakatindi. Zimagwetsa mipanda, zimatseka misewu, ndipo anthu afapo, makamaka oyenda pansi kapena panjinga mbandakucha ndi madzulo.

Njovuzi si zochepa. Kalembera wa mu 2022 anapeza njovu pafupifupi 228,000 m'dera la KAZA, lophatikiza mbali za Angola, Botswana, Namibia, Zambia ndi Zimbabwe. Livingstone ali m'kati mwa deralo. Chaka chikauma kwambiri, njovu ndi munthu amakumana pamtengo umodzi.

Mzinda wothawa udzudzu

Ngakhale malo amene mzindawu uli anasankhidwa ndi nyengo.

Azungu oyamba anakhala ku Old Drift, padooko la m'mphepete mwa Zambezi kumtunda kwa mathithi, kumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Malowo anali otsika ndi a chinyontho. Dzinja lililonse malungo ankatenga anthu. Manda awo alipo mpaka lero m'kati mwa malo otetezedwa aja, nyama zikudya msipu m'mbali mwake.

Mlatho wa njanji wa pamathithi utatha mu 1905, anthu anasamutsidwira kumtunda, pamchenga, kutali ndi madzi oima. Ndiye Livingstone wa lero. Mu 1911 anakhala likulu la Northern Rhodesia, mpaka mu 1935 pamene likulu linasamukira ku Lusaka, malo a pakati pa dziko komanso okwera ndi ozizirirapo.

Nyumba zakale za pakati pa tauni zikusimbabe nkhaniyi: makonde otambalala, madenga aatali, mitengo ya mthunzi m'mbali mwa misewu. Omanga ake ankadziwa kuti kuno mthunzi ndi chuma.

Anathawa mtsinje kuopa malungo. Kumtunda anakapeza ludzu.

Zaka zimene makalendala onse analephera

Chilala si chachilendo kumwera kwa Zambia. Achikulire amakumbukira 1992, chaka cha ufa wa chimanga chachikasu chochokera kunja, chimene a ku Malawi nawonso sanachiiwale. Koma zaka zaposachedwa zagunda motsatizana.

Mu 2019 mvula inalephera kuno, inachepanso kumtunda. Mu Okutobala chaka chimenecho Pulezidenti Edgar Lungu anaika pa Twitter zithunzi za mathithi ali miyala yokhayokha, nanena kuti ndi chikumbutso cha zimene kusintha kwa nyengo kukuchita. Pofika Disembala, nyuzi za kunja zinali zitafalitsa kuti Victoria Falls akuuma. A ntchito zokopa alendo anadandaula kwambiri: mbali ya Zambia imaphwa chaka ndi chaka, ndipo chigawo chachikulu cha mathithi sichinasiye kugwa madzi.

Madzi saiwala khwawa. Mu Epulo 2020 mtsinje unabwera wodzaza kuposa zaka zingapo zam'mbuyo. Koma maulendo a alendo anali ataima chifukwa cha Covid-19, ndipo utsi unagunda popanda woonerera.

Kenako kunabwera 2024.

Kutali kunyanja ya Pacific madzi anali atatentha kuposa nthawi zonse, chimene akatswiri amachitcha El Niño. Chikachitika, kumwera kwa Africa kumakonda kuuma. Alimi anabzala, chimanga chinamera, ndipo kumapeto kwa Januwale kumwamba kunatseka. Febuluwale, mwezi umene umayenera kukhala wa matope, unakhala wouma koposa pa zaka makumi ambiri.

Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pangozi. Maboma 84 mwa 116 anali atakhudzidwa. Mwa mahekitala 2.2 miliyoni a chimanga, pafupifupi 1 miliyoni anali atapserera. Zokolola za chimanga zinatsika kuchoka pa matani oposa 3 miliyoni chaka chapitacho kufika pafupifupi 1.5 miliyoni. Anthu oposa 6 miliyoni anafunika thandizo.

Sanali okha. Pa 23 Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28 a Malawi. Zimbabwe anatsatira kumayambiriro kwa Epulo.

Mvula ya padenga italephera, ya mumtsinje nayo inabwera yopunduka. Madzi odutsa pa Mosi-oa-Tunya ndi amene amakadzaza damu la Kariba, limene Zambia amadalira kwambiri pa magetsi. Kuzima kwa magetsi kunayamba ndi maola 8 patsiku mu Malichi. Pofika Sepitembala madera ambiri ankakhala maola 20 ndi kupitirira ali mumdima, ndipo pa makina asanu ndi amodzi a mbali ya Zambia ku Kariba, amodzi okha ndi amene ankazungulira.

Apa m'pamene munthu wa m'tauni anadziwa kuti chilala si cha mlimi yekha.

Chigayo chinaima. Wowotcherera zitsulo anakhala manja lende. Wometa tsitsi, wogulitsa nyama ndi nsomba za mufiriji, mayi wa mafrizesi pakhomo la sukulu, onse anadikira magetsi a pakati pa usiku. Popanda magetsi mapampu sakoka madzi, ndiye mipopi inkatha kuuma mtsinje waukulu uli pafupi. Pophika aliyense anabwerera kumbaula. Makala anakwera mtengo, njinga zonyamula matumba zinachuluka m'misewu yolowa mumzinda, ndipo tchire la tsanya linalipira.

Mtengo ukagwa, mthunzi wapita, nthaka yavulidwa. Chilala cha chaka chino chimakonzera njira cha mawa.

Akatswiri a gulu la World Weather Attribution atafufuza anapeza kuti gwero lalikulu la chilala cha 2024 linali El Niño. Koma akatswiri a zanyengo amagwirizananso kuti kumwera kwa Africa kukutentha mofulumira kuposa dziko lonse likaphatikizidwa. Kukatentha kwambiri, mvula yomweyo ya mamilimita 700 imauma msanga m'munda, m'damu ndi mumtsinje. Dera limene linali kale pamalire silikhala ndi pothawira.

Dzinja lotsatira linabweza mtima. Mu 2025 Zambia anakolola chimanga choposa matani 3.6 miliyoni. Chaka chimodzi njala, chotsatira nkhokwe zosefukira. Kusadziwika kumeneku n'kumene kumatopetsa anthu kuposa dzuwa.

Kukhala ndi nyengo yotere

Kumidzi yozungulira mzindawu, m'boma la Kazungula, kwa Mukuni, kwa Sekute ndi kwa Musokotwane, funso la chaka chilichonse ndi limodzi: tibzale liti, tibzale chiyani?

M'mera m'poyamba. Koma pamchenga uno wobzala ndi mvula yoyamba amatha kutaya mbewu yonse ikangodula milungu iwiri. Wochedwa naye dzinja limamuthera chimanga chisanakhwime. Alangizi a zaulimi akhala akulimbikitsa mbewu zocha msanga, kubzala m'maenje osunga chinyontho, kuphimbira nthaka ndi mapesi, ndiponso kubwerera ku mapira, mchewere ndi khobwe, zimene makolo a kuno ankadalira chimanga chisanalande minda yonse. Vuto n'lakuti lilime linazolowera nsima yoyera, ndipo msika wa mapira ngochepa. Mlimi sangalime chimene sangagulitse.

Nthambi ya boma yoona zanyengo, Zambia Meteorological Department, imalengeza mmene dzinja liyendere mvula isanayambe. Chenjezo la El Niño linaperekedwa mu 2023 anthu asanabzale. Koma uthenga wotere umathandiza ukafika kwa mlimi m'Chitonga, m'Chilozi ndi m'Chinyanja, pawailesi imene amamvera, mbewu yoyenera ili pafupi ndiponso pamtengo woti angathe. Chenjezo lopanda mbewu limangowonjezera nkhawa.

M'tauni namo muli zochita. Dzuwa limene limathamangitsa anthu mumsewu ndi lomwe likuyatsa nyale pamadenga amene aikapo masola, ndipo madenga otere akuchuluka. Denga lomwelo lingakololenso madzi. Mamilimita 700 pa denga la masikweya mita 100 ndi malita 70,000 pa chaka. Ambiri mwa madzi amenewo lero amangothamangira mumsewu n'kukumba ngalande.

Ndiye pali mitengo. Ku Nottie Broadie kusiyana kwa bwalo la mtengo ndi bwalo la simenti yokhayokha sikufuna chipangizo choyezera. Thupi limadziwa lokha. Amene anabzala mango amene tikukhala pansi pakewa mwina anapita kale, koma akutisungabe. Wodula mtengo kuti awonjezere chipinda cha lendi aganizire za Okutobala wa adzukulu ake.

Chachikulu n'chakuti mvula ya mumtsinje ili m'manja mwa anthu ena. Nkhalango za ku Ikelenge, Mwinilunga ndi kum'mawa kwa Angola ndizo zimasunga madzi a dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Zikatha, Livingstone adzamva. Kariba adzamva. Cahora Bassa ndi Tete adzamva, mpaka kumunsi kumene Shire amathira m'Zambezi. Mtsinje umodzi, mayiko ambiri, ndipo wa kumunsi amamwa chimene wa kumtunda wamusiyira.

Dzuwa lapendeka. Nyenje zatopa, ana atuluka ndi mpira wa mapepala, galu uja wadzuka n'kudzikung'untha mchenga. Amayi aja akupinda mphasa. Mabeseni awo ali kale m'munsi mwa denga, oyang'ana kumwamba, ngakhale mitambo yapita.

Ndikubweza kapu. Madzi amene ndamwa achokera pampopi, ndipo mpopi wa kuno umakoka m'Zambezi. Pano papita miyezi yoposa isanu kusanagwe mvula yonyowetsa nthaka. Ndiye kuti ndamwa mvula ya dzinja latha, yogwa pankhalango ya anthu amene amayiwa sanawaonepo, imene yayenda makilomita oposa 1,000 kudzafika m'chigubu chawo.

"Zikomo, amayi, ndapita."

"Pitani bwino, atate. Mukadzabweranso mudzapeza kwabiriwira."

Cha kumpoto, kutali kwambiri, mphezi yang'anima kamodzi, yopanda bingu.